Mbewu Imene Ndinapatsa Mlongo Wanga

Zikomo apampando, zikomo abale nonse. Musavutike kundipatsa mpando, ndiyankhula chiimire, miyendo yanga masiku ano imandimvera. Ambiri muno mumandidziwa. Ena munandikwezapo pa wilibala kuchokera kumsika mpaka kunyumba, dzuwa likuswa mtengo. A Dikisoni uko akubisa nkhope chifukwa wilibalayo inali yawo. Sekani ndithu, nanenso ndimaseka ndikakumbuka, kungoti kuseka kwake kumathera pakhosi.

Kwa amene simundidziwa, ndine Lameki, wa konkuno ku Tsangano, mlimi wa mbatata ya kachewere. Mwezi uno ndakwanitsa zaka zitatu osalawa mowa. Ayi, musawombe m'manja msanga. Mumve kaye zimene ndinachita.

Chichewa chathuchi chili ndi mawu ambiri onenera munthu amene zinthu zamuthera, ndipo ine onsewo ndinawamva akunenedwa kumbuyo kwanga, lina pambuyo pa linzake. Anthu salankhula chisawawa ayi. Amayamba akuyeza, ndiye n'kusankha liwu lokukwana. Inunso amene mwakhala apa, aliyense ali ndi liwu limene akumutchula nalo kumudzi, kaya akulidziwa kaya sakulidziwa.

Ine poyamba ankati, "A Lameki ndi katswiri." Ndipo sankanama. Mbatata ikamera ndinkayenda m'munda mzere ndi mzere, kuzika kamtengo pa phando lililonse lathanzi, kuti pokolola ndikumbe zimenezo padera zikhale mbewu. Ndinamanga kanyumba kosungiramo mbewu, kolowa mphepo ndi kuwala, ka mathandala a nsungwi. Anthu ankabwera kudzasungitsa mbewu yawo kwa ine, chifukwa kwa Lameki mbewu inkatuluka maso afupiafupi, onenepa, obiriwira.

Mmodzi mwa osungitsawo anali mlongo wanga Esinati, amene anandiponda pamutu. Mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira dimba limodzi m'mbali mwa mtsinje, ndi mwana mmodzi wamkazi, Mevisi. Dimba limenelo ndilo linkaphunzitsa Mevisi. Mbatata ikachita bwino, mwana ali kusekondale. Ikakanika, mwana ali pakhomo. Panalibe njira ina. Ndipo mwanayo anali ndi mutu, ankafuna unamwino. Ndikadzitema ndi khasu ankanditsuka bala n'kulimanga ndi kansalu, uku akundikalipira ngati wavala kale zoyera: "Amalume, mwapakanso dothi pabala? Mukufuna kafumbata?" Ndinkamukonda mwana ameneyo kuposa mmene ndinkaonetsera.

Mowa unayamba mmene umayambira kwa tonsefe. Magalimoto ogula mbatata anyamuka, m'thumba muli kanthu, kunja kukuzizira mmene kumazizirira kunoku, ndiye wina akuti kabotolo kamodzi ka kutsidya kwa malire, kongotenthetsa m'chifuwa. Chaka choyamba ankati, "A Lameki ayamba kuterereka." Liwu limenelo ndi lachifundo, amalinena anthu amene akuganiza kuti ugwira chitsamba n'kuima. Chaka chachiwiri anati, "Agwa." Kumpingo nakonso ananena lomwelo n'kundiletsa mgonero. Komabe munthu wakugwa amamuyendera. Akulu a mpingo anabwera kawiri. Kachitatu anandipeza ndikusanza pakhonde, anabwerera pampanda.

Akazi anga anapirira mpaka tsiku limene ndinagulitsa mbuzi yawo. Anamanga katundu, kutenga ana, ulendo wa kwawo ku Kandeu. Apo anthu anati, "Banja la a Lameki lapasuka." Mvula ya chaka chimenecho khoma la khitchini linagumuka, sindinalidzutse. Udzu unamera mpaka pachitseko. Tsiku lina ndinamva mayi wina akulozera mlendo njira, akuti, "Mukafika pabwinja paja mukhotere kumanja." Bwinja, abale anga, ine ndili m'katimo ndikumva! Bwinja ndi pamalo pamene eni ake anasamuka kapena anafa.

Koma liwu lotsiriza ndi lalifupi kuposa onse: "Anatha aja." Akakunena choncho sakukalipiranso, sakulangizanso, ngakhale kukuseka amasiya. Pamaliro achinyamata akukumba manda, iwe ukatambasula dzanja kuti ulandire khasu, amangopatsa wina.

Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kundinena kuti ndatha, ndipo ndi Esinati. Anthu onse atachotsa mbewu yawo kwa ine, iye anabweretsa matumba ake atatu monga mwa chaka chilichonse. Anzake anamuchenjeza. Iye anati, "Achimwene angamwe chilichonse, koma mbewu sangaikhudze. Mbewu amailemekeza."

Ndinaimwa mbewu imeneyo. Sindinaigulitse tsiku limodzi ayi. Ndinkatapa ndowa imodzi, ndikudziuza kuti ndibwezeramo, mawa lake ndowa ina. Pofika nthawi yodzala kudimba, pamathandala panalibe ngakhale imodzi. Ndiye ndinapita kumsika kukathandiza kusoka matumba, n'kupempha kuti andipatse timbatata ting'onoting'ono totsalira, timene ogula anatikana. Munda umene timbatatato tinachokera ndinkaudziwa. Ndinatenga imodzi n'kuidula pakati ndi mpeni. M'kati munali mkombero wofiirira, ndipo nditafinya panatuluka timadzi toyera ngati mafinya. Aliyense wolima kachewere muno akudziwa kuti ameneyo ndi getsi, matenda aja ofotetsa mbatata masamba akadali obiriwira, amene akalowa m'nthaka sachoka msanga.

Ndikufuna mumvetse bwino apa, chifukwa ife oledzera timakonda kubisala kumbuyo kwa botolo. Tsiku limenelo ndinali ndisanamwe. Maso anga anali bwinobwino, mutu unali bwinobwino. Ndinaponya mbatata yodulayo patchire, ndinapukuta mpeni pabuluku, n'kuthira zotsalazo m'matumba a mlongo wanga.

Anabwera kudzatenga onse awiri, mayi ndi mwana. Mevisi anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa imodzi, kuitembenuza.

"Amalume, bwanji maso a mbewuyi amata dothi chonchi? Ndiponso si mtundu uja tinabweretsa."

Ine ndinati, "Iwe ukudziwa chiyani za mbewu? N'chinyezi chabe chimenecho. Nyamula."

Esinati anamudzudzula pomwepo: "Usamatsutsane ndi amalume ako pa za mbatata. Senza tizipita."

Inamera bwino, yokongola ndithu. Itayandikira kuchita maluwa, phando limodzi linafota masana, m'mawa n'kudzuka, masana n'kufotanso. Kenako mzere wonse. Madzi a m'ngalande anamaliza ntchito, anatenga matendawo n'kuwagawira paliponse. Esinati ankathirira mpaka manja kutuluka matuza, akuganiza kuti mbatata ili ndi ludzu. Mwezi usanathe dimba lonse linagona pansi. Alangizi atabwera anati musadzalemonso mbatata, tomato kapena tsabola kwa zaka zingapo. Anthu ena anati ndi ufiti, wina wachita nsanje ndi mayi wamasiye, mpaka kuloza chala mayi wina wa m'mudzimo. Ine ndinali pomwepo, ndikugwedeza mutu, n'kumati, "Eetu, anthu ndi oipa."

Mevisi anasiya sukulu ali Fomu 2, teremu isanathe. Anayamba kuyenda m'maganyu ndi mayi ake, kusenza mbatata za eni kuchokera m'minda kupita kumsewu. Ndikamuona akubwera, thumba lili pamutu, khosi litalowa m'mapewa, ndinkakhotera njira ina. Ndipo ndinamwa kuposa kale, chifukwa tsopano ndinali ndi chinthu choti ndiziiwala.

Patapita chaka, Loweruka lina m'mawa, ndinali nditakhala kuseri kwa shabini ina kumsika, kudikira woti andigulire. Ndinangoona mapazi a munthu ataima patsogolo panga. Pokweza maso, ndi Esinati. M'manja ali ndi chigubu cha madzi ndi kachidutswa ka sopo, paphewa jekete lakuda.

"Achimwene, dzukani. Sambani kumaso."

"Kwagwanji? Kuli maliro?"

"Kwabwera anthu a kutsidya kwa malire. Akufunsira Mevisi. Ndawauza kuti ine sindingayankhe, mwana ali ndi malume ake."

Ndinaseka, kuseka kwa manyazi. "Ineyo? Bwanji osaitana akulu a mpingo?"

"Mwinimbumba ndinu. Amayi anabala awiri, inu ndi ine, malume wina ndikamutenge kuti? Valani jeketeli, ndi la malemu bambo ake a Mevisi. Musakandichititse manyazi. Mukangokhala pampando n'kuvomera, basi."

Ndinasamba pomwepo, anthu akuonerera. Jeketelo linali lalikulu, ine nditatha thupi, mikono inkaphimba zala. Tinayenda mpaka kwa Esinati.

Tinapeza amuna atatu atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mapichesi. Mpando umodzi umene unalipo pakhomopo anasiyira ine. Nditakhala, onse atatu anawomba m'manja mwaulemu, "Zikomo eni mbumba, zikomo." Panali patapita zaka munthu asanandiwombere m'manja. Ndinkangofuna nthaka itang'ambika. Wamkulu wawo anafotokoza bwinobwino kuti mnyamata wawo, wochita geni ya mbatata, waona mbeta pakhomo pano. Sanali anthu oipa ayi, ndisawanamizire.

Mwambo mukuudziwa, malume amaitana mwana n'kumufunsa pamaso pa alendo. Mevisi anatuluka m'nyumba n'kugwada chapatali. Anali atawonda, zidendene zitang'ambika.

"Mevisi, anthuwa ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, amalume."

"Wavomera ndi mtima wako?"

Anakanda pansi ndi kamtengo. Kenako anati, "Kumeneko kuli chakudya, amalume. Amayi apumako, pakamwa pachepa."

Funso lotsatira silinali la mwambo, linangotuluka lokha. Ndinati, "Nanga unamwino uja?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Osati mwaukali ayi. Anayang'ana kumaso kwanga, n'kutsitsa maso kuyang'ana manja anga amene ankanjenjemera pamaondo.

"Zija zinathera kudimba, amalume," anatero. "Inuyo mwadya kanthu lero? Manja anuwo akunjenjemera kwambiri."

Abale anga, akanandilalatira ndikanapirira, ndinali nditazolowera. Akananditukwana ndikanapita kukamwera zomwezo. Koma mwana amene ndinamuphera tsogolo, atagwada pafumbi tsiku lomugulitsa chifukwa cha njala, ankadandaula kuti ine sindinadye. Chinachake chinaduka m'chifuwa muno. Misozi inatsika pamaso pa alendo, ndipo sindinaipukute.

Ndinawauza alendowo kuti, "Pepani akuluakulu, mwayenda mtunda. Mwanayu ndi wamng'ono, ndi wa sukulu. Bwererani. Mundipatse mpaka nthawi yokolola." Anayang'anana, anang'ung'udza, koma ananyamuka, pakuti mawu a malume ndi mawu a malume, ngakhale malumeyo akununkha kachasu.

Atangopota pangodya, Esinati anandilumphira. "Mwawabweza? Mwawabweza inuyo? Mutidyetsa chiyani, matsire?"

Pamenepo ndi pamene ndinanena zonse. Za ndowa, za kumsika, za timbatata totsalira. Mevisi anali akadagwada pomwe paja. Esinati anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Munaidula?" anafunsa.

"Ndinaidula."

"Munaona?"

"Ndinaona."

"Mwana atafunsa, ine n'kumukalipira pamaso panu, inu munangoyang'ana?"

Kenako ananena motsitsa mawu: "Vulani jekete la mwamuna wanga."

Ndinavula. Analikutumula, kulipinda bwinobwino, kugwira mwana wake padzanja, kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinabwerera ndi malaya anga ong'ambika aja. Pamphambano yopita kumsika miyendo inkafuna kukhota yokha, koma ndinapitirira. Kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinadzukira, mwina wina zimuthandiza. Masiku oyamba anali oopsa. Thukuta, kunjenjemera, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma pamene palibe kanthu. A Dikisoni ananditengera kuchipatala pa njinga, ndipo kumeneko ndinanena zoona, sindinati ndi malungo. Inu amene mwamwa zaka zambiri, musadzitsekere m'nyumba nokha posiya, mutha kufa nazo. Pitani kuchipatala mukanene mmene zilili, manyazi adzatha m'tsogolo.

Nditapeza mphamvu ndinasiya kugwira ndalama m'manja, chifukwa ndinkadzidziwa. Ndinapita kwa mlimi wina wa mbewu yabwino n'kupempha ganyu, koma ndinati, "Mundilipire mbewu, ndipo muisunge konkuno mpaka tsiku lodzala. Ndikabwera kudzapempha ndowa imodzi tsikulo lisanafike, mundithamangitse ndi agalu." Anaseka, koma anachitadi zomwezo, ndipo kamodzi anandithamangitsadi. Tsiku la msika sindinkapita ndekha. Anzanga akale ndinkawapatsa moni ndikuyenda, osaima. Ena mwa inu munandinena kuti ndayamba matama. Sanali matama, anali mantha.

Kudimba kwa Esinati ndinkapita m'mamawa, osapempha chilolezo. Ndinazula mbatata zonse zomera zokha, kuziwotcha, kuthira phulusa m'mayenje, kudzala chimanga ndi nyemba. Khasu ndinkalitsuka ndisanalowe nalo m'munda wina. Tsiku loyamba Esinati atandipeza anangoima n'kundiyang'ana, kenako anakayamba kulima kumapeto kwina. Tinalima choncho miyezi, iye uko ine kuno, osapatsana ngakhale madzi akumwa.

Mbatata yanga ndinadzala kumunda wanga wa kumtunda. Unali utagonera zaka zonse za uchidakwa wanga, ndiye nthaka inali yopuma, yopanda matenda. Ndinayambanso kuzika timitengo pa mapando athanzi. Kumpingo ndinaimirira n'kunena za mbewu ija pamaso pa onse, kuti mayi amene ankamuganizira ufiti uja ayeretsedwe. Anthu anayamba kunena kuti, "A Lameki akuyesetsa." Si liwu lalikulu, koma kwa munthu amene ankatchedwa wakutha, linali lokwanira kudzukira m'mawa.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma njala siidikira kuti munthu alape. Mwezi wa Febuluwale, mbatata yanga itangochita maluwa, kwa Esinati kunalibe chilichonse, chimanga cha kudimba chinali chitatha kale. Mevisi anamanga kachitenje kake n'kutsatira mnyamata uja kutsidya kwa malire. Popanda chinkhoswe, popanda mwambo uliwonse. Kukana kwanga kuja kunangomulanda ulemu umene akanapita nawo. Ndinamva kwa anthu apanjira.

Ndiye anthu anayamba: "Mwana wa Esinati uja wawonongeka." Liwu limeneli ndimadana nalo, ndipo ndikalimva magazi amandiwira. Timalinena pa mbatata yovunda m'thumba, n'kulinenanso pa mwana wa munthu, ngati kuti anangovunda yekha. Mayi wina ananena pamaso panga kuchigayo, ndinamuuza kuti, "Mayi, mwanayo alibe chilema. Ngati mukufuna wonena, ndili pano, nenani ine."

Ndinakolola bwino, kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinapita kusukulu kuja kukafunsa ngati mwana wosiyira panjira angabwererenso, anati n'zotheka. A Dikisoni anandiperekeza kukagula nsalu, telala n'kusoka yunifomu. Muyeso ndinapempha kwa Esinati. Anangotulutsa diresi lakale la Mevisi n'kundiponyera pamwendo.

Ndinayenda wapansi theka la tsiku, phukusi lili m'khwapa. Ndinamupeza akuyanika chimanga pabwalo. Atandiona anathamanga pang'ono n'kuima, ndipo pogwada anachita kugwira pansi ndi dzanja. Apo m'pamene ndinaona kuti ndi woyembekezera.

Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, anafunsa za mayi ake. Ine ndinangomupatsa phukusilo. Analimasula pang'onopang'ono. Ataona chimene chinali m'katimo anaseka kaye, kuseka kwa mwana wa sukulu kwenikweni, n'kudziyeza nayo pachifuwa, kuwongola kolala ndi zala. Kenako kusekako kunasanduka kulira.

"Ndi yokongola, amalume. Koma sindingakwanemo."

"Ukabereka ubwere," ndinatero. "Kusukulu avomera. Mbatata ilipo, chaka chamawa idzakhalaponso. Ndasiya, Mevisi, ndasiyadi."

"Ndamva kuti mwasiya, ndipo ndinasangalala. Koma mwana ndidzamusiyira ndani? Amuna anga sandizunza, apongozi anandilandira. Ndakhala kale kuno, amalume. Mukanabwera chaka chatha."

Anaipinda mmene inalili, mzere ndi mzere, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Kaisungeni. Akakhala wamkazi adzavala iyeyu. Koma amalume, tsiku limenelo mudzakhale mulipo, ndiponso muli bwinobwino. Mudzamuperekeze nokha."

Ndinalira njira yonse yobwerera, mwamuna wamkulu, phukusi lili m'khwapa momwe muja.

Lero khoma la khitchini ndinalidzutsa. Akazi anga sanabwerere, ndipo sindiwaimba mlandu, koma ana amabwera patchuthi. Dimba la Esinati likuchira, alangizi akuti posachedwa angayesemo mizere ingapo. Esinati amandiyankha moni, nthawi zina amanditumizira ndiwo, koma mbewu amagula kwina, ndipo akuchita bwino kutero. Zonsezo zimabwerera pang'onopang'ono. Mevisi yekha sadzakhala namwino. Ndingasiye mowa zaka makumi atatu, chimenecho sichidzasintha, ndipo chimandipweteka tsiku lililonse.

N'chifukwa chake ndaima pano. Kunyumba kwanu kuli wina amene akukukhulupiriranibe pamene onse anakutayani, mwina mkazi, mwina mlongo, mwina mwana. Ameneyo ndi amene mudzamupweteke kwambiri, chifukwa ena onse anachotsa kale zawo. Inuyo mutha kudzuka chaka chamawa kapena chinacho, koma iye nthawi yake ikupita lero. Musachedwe mmene ndinachedwera ine.

Mwana wa Mevisi uja anabadwa wamkazi. Tsopano akuyenda, akuyamba kutchula mawu. Yunifomu ili m'sutikesi, mwezi uliwonse ndimaitulutsa kuiyanika padzuwa kuopa njenjete. Kuti afike poivala patsala zaka zoposa khumi, ndipo ine imvi zayamba kale. Ndinalonjeza mayi ake kuti ndidzamuperekeza ndekha mpaka pachipata cha sukulu. Ndiye lero m'mawa sindinamwe, ndipo mawa ndidzayesanso.

Zikomo.